Kaphulusa ndi Nyumba ya Malata

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene abambo anakhoma malata pa nyumba yathu, m'mudzi wina kuseri kwa Bembeke. Ndi chaka chomwechonso chimene amayi anachoka. Banja linatha, iwo n'kubwerera kwawo ku Lobi, katundu pamutu, mlongo wanga Yohane ali kumsana. Ankhoswe atakambirana anati ine nditsale ndi abambo chifukwa cha sukulu. Palibe anandifunsa, ndipo ngakhale akanandifunsa sindikudziwa kuti ndikanayankha chiyani.

Abambo sanali munthu woipa ayi, koma anali oumira mawu. Ankalawirira kudimba ndi makeni awiri kukathirira mbatatesi ndi kabichi, n'kubwerako dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. Macheza athu a tsiku lonse anali akuti, "Wadya?" Ine, "Ndadya." Iwo, "Chabwino." Basi, kwatha. Kusukulu nakonso ndinalibe mnzanga weniweni. Atsikana anzanga ankandiyang'ana ndi maso achisoni aja amene amakwiyitsa kuposa kutukwanidwa, ndiye ine ndinkangowathawa.

Nyumbayo ndiye inali yonyaditsa. Njerwa zootcha, zipinda zitatu, malata akung'anima moti anthu odutsa ankaima panjira n'kumaloza. Koma siling'i munalibe, ndipo mafulemu a mawindo anali asanagulidwe. Mabowo a mawindo abambo anawatseka ndi njerwa kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kumata ndi dothi. Musawaseke. Kwathu kuno palibe amathamangira mawindo, chifukwa mdani amene timamudziwa ndi kuzizira. Ife tinakulira m'nkhungu, tikupita kusukulu mu Juni zala zitauma gwa, zosatha kugwira pensulo. Nzeru zathu zonse zinali za kufunda. Mwana akatsokomola, mufunditseni. Mwanapiye akafooka, musendezeni kumoto. Munthu akanjenjemera, muonjezereni bulangeti. Za kutentha tinkangozimva kwa anthu ochokera kuchigwa, ndipo tinkati amakokomeza.

M'nyumba monsemo amene ankandimvera ndi mphaka. Dzina lake anali Kaphulusa, chifukwa cha ubweya wake wotuwa. Ubweyawo unali wambiri komanso wautali, osati wa amphaka wamba a m'mudzi. Amayi anamutenga ali kamwana kwa mayi wina amene ankaphikira masisitere, ndipo pochoka anamusiya, poti mphaka sakwera minibasi. Ndinkamuuza zonse: masamu amene andikanika, mphunzitsi amene wandilalatira, maloto amene ndalota. Iye ankangotsinzina maso n'kumang'ung'udza pamiyendo panga. Mwina mukuti ndi zachibwana. Zinalidi zachibwana, koma ine ndinkamukonda mphaka ameneyu kuposa munthu aliyense amene anatsala m'mudzimo, ndipo ndinkaopa kwambiri kuti tsiku lina nayenso adzandisiya.

Okutobala wa chaka chimenecho anabwera ndi ukali umene ngakhale akuluakulu ankaudandaula. Mphepo ya kumapiri ija, imene timaitukwana chaka chonse, inangoti zii. Nyenje zinkalira kuyambira m'mawa mpaka makutu kuwawa. Zitsime za kudimba zinatsika, abambo n'kumachita kugwada kuti atunge. Malata athu onyaditsa aja ankathetheka padzuwa ngati chimanga chokazinga, ndipo masana m'nyumbamo simunkalowedwa. Ine ndikaweruka ndinkangovula yunifolomu msangamsanga n'kukakhala pakhonde.

Ndi nthawi imeneyo pamene Kaphulusa anayamba kusowa. Akanyambita phala lotsala m'mawa, ankadzitambasula, n'kutuluka, osaonekanso mpaka dzuwa litalowa. Pobwera ubweya wake unkakhala wozizira, ukununkha utsi wa nyumba ina. Loweruka lina ndinamusaka paliponse, kunkhokwe, kukhola la mbuzi, kumitengo ya mapichesi, ndikuitana mpaka mawu kusasa. Sindinaganize n'komwe za dzuwa. Mtima wanga unangoti, wayamba nayenso ameneyu. Amayi nawo anayamba chonchi, kupita ku Lobi masiku awiri, kenako sabata, kenako osabweranso.

Lolemba m'mawa, abambo atapita kudimba, ndinamulowetsa Kaphulusa m'chipinda changa. Ndinamuikira madzi m'phale ndi bonya pang'ono, ndinatseka chitseko, n'kumanga waya pamsomali. Ndikuchoka ndinkamumva akulira, koma ndinaumitsa mtima. Poweruka ndinapeza phale litagubuduka, chitseko atachikalakala kumunsi, iye atagona chete pakona. Ndinamunyamula osakana, anangoti lefu m'manja mwanga. Ine kupusa kwanga ndinasangalala. Ndinati taonani, wayamba kuzolowera.

Lachiwiri ndinachitanso chimodzimodzi, ndipo tsikulo dzuwa linaswa mtengo. Aphunzitsi anatitulutsa m'kalasi kukaphunzirira pansi pa mtengo, komweko n'kumangotuluka thukuta. Ndinafika kunyumba cha m'ma wani koloko. Nditamasula waya n'kukankha chitseko, mpweya wotentha unandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni wa masikono. Kaphulusa anali thapsa pansi, mphuno ataigunditsa pa kampata ka pansi pa chitseko. Kukamwa kunali yasa, lilime panja lofiira psu, dovu likuchucha, akupuma mwawefuwefu ngati galu. Ndinali ndisanaonepo mphaka akupuma chotero. Nditamuimika anadzandira n'kugwa, miyendo ikunjenjemera.

Kunjenjemerako ndi kumene kunandisokoneza. Kwa mwana wa ku Dedza, wonjenjemera ndiye kuti wazizidwa, kapena ndi malungo, ndipo mankhwala ake ndi amodzi. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa juzi yanga yaubweya ya mu Juni, ndinamukulunga bwinobwino, pamwamba n'kuonjezera chitenje. Abale inu, mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo! Ndinaima pabwalo nditamufungatira, ndikuyang'ana uku ndi uku. Kudimba kunali kutali. Anthu onse anali kuminda kukagalauza. Utsi unkafuka pa nyumba imodzi yokha, ya a Nankhoma, ndipo ndikanakhala ndi kwina kopita sindikanapita kumeneko.

A Nankhoma ana tonse tinkawaopa. Anali mayi wa msinkhu wa amayi anga, wamtali, wowonda, wa pakamwa pakuthwa. Anakhala zaka zambiri ku Chikwawa kumene amuna awo ankadula nzimbe, ndipo amunawo atamwalira anabwerera kumudzi okha, opanda mwana. Ankakhala m'kanyumba kaudzu pansi pa mtengo waukulu wa mapeyala. Ukangotola peyala limodzi lakugwa lokha ankakutukwana iwe, makolo ako ndi mbuzi zanu zomwe. Ine ndinathamangira kumeneko ndi maganizo oti ndikapemphe mapiritsi a malungo.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba.

"Odi, amayi," ndinatero.

"Wafungatira chiyani ngati ukupita kusikelo?"

Anadzuka, anakweza nsonga ya chitenje, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Mayo ine! Mwana iwe, ukumuphika?"

Lichero la nyemba linagwa pansi osalilabadira. Anandilanda mphakayo, anakanganula chitenje, juzi ija n'kuiponya kutali pafumbi.

"Akunjenjemera, amayi. Wazizidwa."

"Wazizidwa iwe ndi mutu wakowo! Lowa m'nyumba msanga."

M'nyumbamo munali mdima komanso kazizirira kokoma, moti thupi langa linachita kudabwa. Pansi panali pozira bwino ndi dothi lakudambo. Pakona panali mtsuko waukulu wokhazikidwa mumchenga wonyowa, kunja kwake kukuchita thukuta. Anamugoneka pamchengapo chammbali, mimba itagunda mtsuko. Anaviika kansalu m'madzi, anakafinya pang'ono, n'kuyamba kumupukuta kumapazi, m'makutu, m'khwapa ndi kumimba kumene ubweya ndi wochepa. Ine pofuna kuthandiza ndinatunga madzi odzadza chikho kuti ndimukhuthulire. Anandimenya padzanja, madzi n'kutayikira pamiyendo panga.

"Ukufuna mtima wake uime? Chinthu chotentha sachiziziritsa mwadzidzidzi. Pang'onopang'ono. Katole lichero lija, uzikupiza."

Ndinakupiza mpaka mikono kuwawa. Iwo ankaviika chala m'madzi n'kumadonthezera m'mphepete mwa kamwa lake, dontho limodzi, kudikira, dontho lina. Sanamukanule kukamwa kuti amumwetse, ankati akhoza kutsamwa. Kansalu kakafunda ankakaviikanso. Pakamwa pawo sipanatseke nthawi yonseyo. Anatukwana dzuwa, anatukwana malata, anatukwana anthu a ku Dedza amene amamanga nyumba ngati akusungiramo fodya, koma manja awo anali ofatsa kuposa manja ena alionse amene ndinawaonapo. Ine ndinkapemphera chamumtima Tikuoneni Maria, kufika pakati n'kuiwala, n'kuyambiranso.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Mthunzi wa peyala unali utafika pakhomo pamene lilime lija linabwerera m'kamwa. Kupuma kunayamba kudekha. Kenako anatsegula maso, anadzutsa mutu pang'ono, n'kunyambita chala cha a Nankhoma. Chala chawo, osati changa.

Ndi pamene maso anga anaona zimene anali asanaone. Pamchenga pamene anamugoneka panali kale kadzenje kofanana ndi thupi lake, ndipo m'mbali mwa mtsuko munali mutamatirira ubweya wotuwa, wambiri, wa masiku ambiri. Chapafupi panali kambale kakang'ono kokhala ndi mitu ya usipa.

"Amabwera kuno?" ndinafunsa.

"Tsiku ndi tsiku, chiyambire dzuwali. Amafika ngati mwini nyumba, ngakhale odi. Dzulo ndi lero ndamudikira osaoneka, ndimati agalu amugwira." Anandiyang'anitsitsa. "Unamutsekera?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"M'nyumba ya malata ija? Yopanda ngakhale bowo? Chifukwa chiyani?"

"Amachoka," ndinatero.

A Nankhoma nkhani ya amayi anga ankaidziwa, mudzi wonse unkaidziwa. Anaviikanso kansalu, anakafinya, n'kundipatsa ine kuti ndipitirize.

"Samathawa iwe," anatero kenako. "Amathawa ng'anjo. Ku Chikwawa ndaona agalu akukumba maenje pansi pa nkhokwe, nkhuku zitayasama tsiku lonse, ife anthu tikugona pa ziguduli zonyowa. Nyama imadziwa yokha pamene pali pozizira, sifuna kuphunzitsidwa. Chako n'kuiikira madzi, n'kusaitsekera njira. Musiye kuno masiku awiri, miyendo ilimbe."

Ndinatola juzi yanga pafumbi n'kubwerera ndekha. Abambo atafika ndinawauza zonse, ndikuyembekezera mbama. Anamvetsera akutsuka mapazi, atamaliza n'kulowa m'nyumba. Koma m'mawa mwake sanalawirire kudimba. Ndinamva kugogoda, ndipo nditatuluka ndinawapeza ali pampando ndi hamala, akugumula mizere iwiri ya pamwamba ya njerwa za pawindo langa. Atamaliza anachitanso chimodzimodzi kuwindo la mbali inayo kuti mphepo izidutsa. Anasesa zidutswa, ananyamula makeni awo n'kumapita. Ndi tsiku lokhalo m'chilimwe chonsecho limene mbatatesi zawo zinathiriridwa mochedwa.

Ine ndinayamba mpikisano ndi a Nankhoma, iwo osadziwa. Ndinakatuta mchenga kumtsinje ndi ndowa, maulendo atatu. Ndinautsira pakona ya chipinda changa, ndinakhazikapo mtsuko wakale wa amayi wobenthuka kukamwa, ndinaudzaza madzi, mchenganso n'kuunyowetsa. Ndinaviika chiguduli n'kuchipachika pabowo la pawindo. Ndinakumbanso kadzenje ndi manja, kofanana ndi kamene ndinaona kuja. Ndinagona pamenepo ndekha kuti ndiyese, ndipo panalidi pozizirirapo. Koma malata anali pomwepo pamwamba panga, akuthetheka.

Lachinayi nditaweruka ndinapita kukamutenga. Ndinamupeza akudzinyambita pakhonde, atawonda koma maso ali gwa.

"Mutenge, ndi wako," anatero a Nankhoma. "Koma ukamutsekeranso usabwere naye kuno. Ukamukwirire wekha."

Ndinamunyamula. Titafika pakhomo la chipinda changa thupi lake linauma, zikhadabo n'kulowa m'mkono mwanga. Ndinamunyengerera mpaka analowa, ananunkhiza mchenga wanga uja, anagonapo pang'ono. Mtima wanga unadumpha.

Lachisanu m'mawa ndi limene sindidzaliiwala. Abambo anali atapita. Ndinavala yunifolomu, ndinamuikira madzi m'maphale awiri, ndinanyowetsa mchenga ndi chiguduli. Ndinaima pakhomo waya uli m'manja. Kunja dzuwa linali litayamba kale kuluma, ngakhale inali isanakwane seveni. Ndinadziuza kuti tsopano pali mabowo, pali mtsuko, sangafe. Ndinadziuzanso kuti Lolemba lija ndinkanenanso kuti sangafe. Iye anakhala pakati pa chipinda, osayang'ana mchenga, osayang'ana ine, maso ali pachitseko. Belu la kusukulu linalira chapatali. Ndikamanga waya, madzulo ndimupeza ndithu, kaya wamoyo kaya wakufa. Ndikasiya, ndinkadziwa bwinobwino kumene apite.

Ndinaponya wayayo kudenga la nkhokwe, chitseko n'kuchitchinjiriza ndi mwala kuti mphepo isachitseke. Ndinalira njira yonse mpaka kusukulu, ndipo aphunzitsi atandifunsa ndinati ndi mutu.

Poweruka sindinamupeze. Mchenga wanga unali wosalala monga ndinausiyira. Anabwera dzuwa litalowa, ubweya wozizira, ndipo ndinamulandira osamukalipira. Zinapitirira choncho masabata angapo. Ine ndinkanyowetsabe mchenga m'mawa uliwonse, ndikudzilimbitsa mtima kuti mvula ikangogwa, kukazizira, abwerera kwathu kwatunthu.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala. Nkhungu inabwerera m'mapiri, anthu anatulutsanso majuzi, m'nyumba mwathu munakhala mozizira kuposa mwa a Nankhoma. Koma Kaphulusa anayamba kudumphitsa masiku. Tsiku limodzi, masiku atatu, sabata. Akabwera ankathera pakhonde, kudzikhula pamwendo panga, kudya chimene ndamupatsa, n'kumapita. M'chipinda chija sanalowenso mwa kufuna kwake. Pofika Khirisimasi anthu ankangomutchula kuti mphaka wa a Nankhoma, ndipo ine ndinasiya kuwatsutsa.

Mayiwo anayesa, ndisawanamizire. Tsiku lina anandiimitsa panjira ya kumjigo.

"Iwe, bwanji osamabwera kudzalembera homuweki kwathu? Mnzako uja amangogona, ine ndilibe womutukwana."

Ndinati zikomo amayi, ndibwera. Sindinapite. Ndinali nawo mangawa mumtima, ngati anandibera, chonsecho anandipulumutsira. Ndinkadutsa pa nyumba yawo nkhope nditayang'ana kumbali, koma diso limodzi likusuzumira pakhonde. Ankakhala pamenepo awiriwo, mayi akusankha nyemba, mphaka atadzipinda pambali pawo. Panali malo okwanira munthu wachitatu, ndipo ine ndinkawaona malowo. Kunyada kwa mwana wa zaka khumi n'koopsa.

Kaphulusa anakhala zaka zina zisanu ndi zitatu. Ananenepa, anakalamba, anagwira makoswe a mudzi wonse, anadutsa zilimwe zonsezo osadwalanso. Anafa ndi ukalamba ine ndili kusekondale, ndipo ndinamva nkhaniyo patchuthi, kwa abambo, m'mawu anayi kapena asanu monga mwa chizolowezi chawo.

Nkhaniyi ndimaikamba kawirikawiri anthu akamadandaula za kutentha, poti masiku ano ngakhale kwathu kumapiri Okutobala sakuseweranso. Ndimawauza za madzi m'malo awiri, za mchenga wonyowa, za kupukuta mapazi ndi makutu m'malo mokhuthulira madzi. Ndikafika pa juzi amaseka mpaka misozi, ati mtsikana wa ku Dedza kufunditsa mphaka dzuwa likuswa mtengo, ndipo nanenso ndimaseka nawo. Koma juziyo unali umbuli chabe, ndipo umbuli a Nankhoma anauchotsa tsiku limodzi. Chimene chinatsala pang'ono kumupha ndi mantha anga. Ndinkati ndikumusamala, pamene ndinkangofuna kuti poweruka ndizipeza wina m'nyumba, ndipo sindinadzifunse kuti iye akupuma bwanji m'menemo. Kusungulumwa kwanga kunali kwenikweni, koma sunali udindo wa mphaka kukuthetsa ndi moyo wake.

Ndinachita bwino kusiya chitseko chotsegula m'mawa uja, zimenezo ndikuzidziwa, ndipo nditabwerera ku tsiku limenelo ndikhoza kuchitanso chimodzimodzi. Koma munthu asakunamizeni kuti ukachita chinthu choyenera mtima umapepuka. Wanga sunapepuke. Mphaka anakhala ndi moyo, ndipo ine ndinapitiriza kuweruka kusukulu, kufika pakhomo, n'kumavula yunifolomu m'nyumba mopanda wondilandira.